Paipi ya Alamu

Ku Lobi kunalibe munthu wosadziwa dzanja la Levison. Anali chimunthu chadzitho, ndipo ankakonda kunena kuti mtendere umabwera anthu akamakuopa. Kwa zaka zambiri iye ndi mlamu wake Zikhalo ankalimbirana kamtsinje kothirira madimba awo. Zikhalo akakumba ngalande, Levison ankaigumula. Levison akatseka madzi, Zikhalo ankatsegula. M'midzi ina anthu anali atayamba kuthirira ndi mapampu oyendera dzuwa, koma awiriwa anali akadali pa khasu ndi chibonga.

Chaka china Zikhalo anangosiya. Levison anayenda monyada, akuuza aliyense kuti mlamu wake wagonja. Koma pofika Okutobala kamtsinje kanaphwa, kabichi wa Levison n'kufota.

Tsiku lina masana anakwera mtunda ali ndi ukali, poganiza kuti madzi abedwa. Anapeza dimba la Zikhalo lili biriwiri. Munthuyo anali atakumba chitsime n'kuikapo pampu.

"Munazichita liti zimenezi?" anafunsa Levison.

"Nditasiya kulondera ngalande, alamu. Nthawi ndinaipeza yambiri," anayankha Zikhalo, akupukuta matope m'manja. "Paipi ina yatsala apo. Achemwali anu akuti muitenge, mawa tidzalumikize mpaka kudimba kwanu, ana asasowe ndiwo."

Levison anasowa poyang'ana. Anasenza paipiyo n'kutsika kudzera m'thengo, kupewa njira ya anthu, ndipo atafika kunyumba sanauze mkazi wake kumene waitenga.