Miyala Iwiri ya a Gerishon

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 2, tsiku limene aphunzitsi anandipeza ndikuwayesezera kayendedwe kawo. Ndiye za miyala musandiyese katswiri. Ndimangodziwa iwiri yokha, ndipo ndinaidziwa mochedwa.

Malizani, mwana wa achimwene anga, anali wokumba zitsime kwathu kumapiri a Ligowe. Kwathu chitsime sitimangira. Ukadutsa dothi lofiira umapeza mwala wolimba wa mizere yopindikapindika, yoyera ndi yakuda, woti piki ikamenya imatulutsa moto. Khoma limaima lokha mpaka zidzukulu.

Mu 1978 anamuitana kuchigwa, m'mudzi wina cha ku Chifunga. Loweruka kunkabwera akuluakulu a chipani, ndipo a Jimu, atcheyamani a nthambi, ankafuna kuwaonetsa chitsime cha chitukuko. Ndinatsagana naye kukamuphikira, poti mkazi wake Stelia anali wotopa, mwezi wake umenewo.

Kumeneko piki inkangolowa ngati m'chigumu. Malizani ankaimba ali m'dzenje.

"Azakhali, kuno ndiye kuli ntchito ya alesi."

"N'chifukwa chake anaitana iwe," ndinatero.

Lachinayi dzenje litafika anthu anayi kuimirirana pamutu, madzi anayamba kuchucha pansi. Kunabwera a Gerishon, a zaumoyo, munthu wa ku Dedza woonda ngati njinga yake. Anatola mwala pa mulu wa zokumbidwa, natulutsa wina m'thumba.

"Uwu wa m'thumbawu ndi wa kwanu kumapiri," anauza Malizani. "Unali mwala wamba, koma unapsa ndi kupanikizika pansi pa dziko mpaka kusandulika. Uwu wa panowu ndi matope ndi mchenga zimene madzi anasanjikiza kalekale, n'kungouma. Onani." Anaubenthula ndi chikhadabo, unasendeka timapepala. "Wina ndi njerwa yowotcha, wina ndi chidina. Wa panowu ukamwa madzi, ugwa. Mangirani kaye musanatsikenso."

Anthu anali chete, ndipo ine chete amandiyabwa.

"Eti bambo, pansi pa dziko pali uvuni? Amasonkhezera ndani, Satana? Nanga mwamuna wamkulu kuyenda ndi mwala m'thumba, mukuopa kuuluka ndi mphepo?"

Anaseka onse, ngakhale a Gerishon pang'ono.

"Kumangira n'kwa masiku angati?" anafunsa a Jimu.

"Milungu iwiri."

"Alendo akubwera mkuja. Kodi a zaumoyo, mwabwera kudzachedwetsa chitukuko?"

Masiku amenewo mawu otero ankatha kukweza munthu galimoto yosabwerera. A Gerishon anayang'ana nsapato zawo. Pokwera njinga anandipatira mwala wofewa uja m'dzanja.

"Mayi, kauvikeni m'madzi muone," ananong'ona.

Madzulo tikudya, Malizani anandifunsa, "Azakhali, inu mukuti bwanji? Munthu uja sanandioneke ngati wabodza."

"Iwe, mwana wa Zefaniya kuopa mwala? Atate ako anakumba zitsime makumi awiri, chomwe chinawagwera ndi ine ndekha. Maliza tizipita, ukaone khanda."

Anaseka, natsuka m'manja.

M'mawa iye atapita, ndinakumbuka mwala uja. Sikuti ndinafuna kuuyesa ayi. Ndinafuna kukhula nawo ming'alu ya kumapazi, poti wa a Gerishon ndiwo unali pafupi. Ndinauponya m'beseni, ndikuyamba kusambitsa phazi limodzi. Pofufuza ndi dzanja ndinangogwira phala. Kamene kanatsala kanaphwanyika pakati pa zala.

Chitsime chinali chitagona ndi madzi usiku wonse.

Ndinathamanga phazi limodzi lonyowa. Ndinafika poona amuna awiri ogwira chingwe, ndinakuwa dzina lake, ndipo anayankha ali pansipo, "Mwapsereza chiyani, azakhali?" Kenaka panamveka ngati thumba la chimanga lagwa m'nkhokwe. Silinali phokoso lalikulu. Chingwe chinalimba, fumbi linakwera pang'ono.

Anamutulutsa dzuwa litapendeka. Mwala umene unamukwirira anthu ankaufukula ndi manja okha.

A Jimu analamula kuti dzenje likwiriridwe tsiku lomwelo, ndipo anatipempha tilire motsitsa mawu mpaka titatuluka m'mudzimo. Ndinamva kuti alendo aja anawaonetsa dimba la kabichi.

Kwathu, adzukulu okumba manda anakumana ndi mwala wa mizere uja atangofika m'chiuno. Anaswa tsiku lathunthu, mapiki awiri anathyoka. A Gerishon anabwera pa njinga mtunda wonsewo, nakhala kumbuyo. Pochoka anasiya mwala wa m'thumba uja pakhonde panga.

Stelia anabereka patapita masiku asanu ndi anayi, mwana wamkazi, Mailesi. Ndamulera ndine, ndipo amati azakhali ake a bambo sakhala osaseka. N'zoona. Mwalawo ndimatsekera chitseko. Nthawi zina ndimauvika m'beseni mlungu wathunthu, ndikauvuula uli chomwecho.