Mchere pa Siketi ya Amayi Aakulu

"Kodi muno ndi m'chipinda kapena m'mimba mwa nsomba?" anafunsa amayi aakulu ataima pakhomo ngati akuopa kudetsa nsapato.

Dasom anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo pamaso pa mkazi wa bambo ake aakulu lilime lake linkauma. Anayankha ndi amayi ake, akuseka kaseko kaja kamene ankasungira akuchimuna okha.

"Ndi mwabwino ndithu, akulu. Kunsi kuno sitima sigwedezeka kwambiri."

"Eya, ndinakuganizirani. Ndinati amake Dasom anakulira kumsika wa nsomba, asatalikirane ndi abale awo."

Bambo ake a Dasom anaseka mokweza mpaka kutsokomola. Dasom anayang'ana pansi. Kuseka kwa bambo akeko kunkamunyansa kuposa mawu enieniwo.

Agogo Bang ankakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo ana awo aamuna awiri anatenga banja lonse pa sitima ya pamadzi yochokera ku Busan kupita ku Okinawa. Zipinda anasankha ndi amayi aakulu, monga ankasankhira chilichonse m'banjamo. Iwo, amuna awo, mwana wawo Tae-o ndi agogo anali pa nsanjika ya khumi ndi chiwiri, kumene khonde lake ndi lagalasi. Banja la mwana wamng'ono, bambo ake a Dasom, analiika pa nsanjika yachisanu. Khonde la kumeneko linali ngati bowo loboola m'chitsulo, mabwato opulumukirapo atalendewera pamwamba, madzi ali pafupi kwambiri moti munthu ankamva fungo lake ali pabedi.

Chimene Dasom sanauze aliyense n'chakuti khondelo ankalikonda. Kunalibe womufunsa za mayeso kapena chifukwa chake sayankhula. Masiku awiri onsewo anakhala pamenepo, akunyambita mchere pamilomo ndi kupukuta magalasi ake a m'maso, amene sankachedwa kuchita mawanga oyera.

Amayi aakulu anaponya thumba lalitali pabedi. Munali hanbok yawo, chovala cha pamwambo, kamalaya kakafupi ndi siketi yayitali ya silika wofiirira. Masana amenewo ana ndi apongozi ankayenera kugwadira agogo mmodzimmodzi, kuyambira wamkulu, ndi kuwathirira mowa.

"Yachita makwinya, komanso ikununkha mankhwala a njenjete. Simbi yanga analanda polowa, anthu osadziwa ulemu. Muyanike pakhonde iwombedwe mphepo ngati mmene timachitira kunyumba."

"Bwanji khonde lanu, akulu? Si lalikulu?"

"Kumwamba kuja mphepo ingaiulutse. Komanso anthu a kumeneko sayanika zovala pakhonde." Anatembenuka. "Tiyeni mukawaveke agogo, ine mutu ukuzungulira."

Amayi anakoleka siketiyo pa hang'ala, naimangirira ku chitsulo cha khonde ndi zingwe ziwiri.

"Uziiyang'anira, Dasom. Ikangowongoka uilowetse."

"Chabwino, amayi."

Onse atapita, anakhala pa kama n'kusiya chitseko cha khonde chotsegula pang'ono. Posakhalitsa mawu a woyendetsa sitima anamveka m'chokuzira mawu cha kudenga. Anati mafunde akukula, ndipo okhala m'zipinda za m'munsi alowetse katundu wawo yense.

Dasom anamva mawu onse. Anaimirira, nafika mpaka pachitseko.

Funde loyamba linamenya m'mbali mwa sitima, madzi n'kuwazikira m'mwamba ngati utsi. Madontho anagwera m'munsi mwa siketi, silika n'kuda pamene agwerapo. Akanatambasula dzanja pamenepo, palibe akanazindikira kanthu. Koma anakumbukira za abale a kumsika wa nsomba. Anakumbukira amayi ake akutsuka mbale okha pa chikondwerero chilichonse, amayi aakulu atakhala pabalaza akusenda peyala limodzi kwa ola lathunthu. Anabweza dzanja.

Funde lachiwiri linali lalikulu. Lachitatu linanyowetsa mpaka m'chiuno mwa siketi. Dasom anatseka chitseko, nakhala pansi akuonerera pagalasi, ndipo zoona zake n'zakuti anasangalala. Kenako sitima inakhota, dzuwa linalowa pakhondepo, siketi n'kuyamba kuuma. Pouma inatuluka mizere yoyera yokhotakhota ngati ya thukuta pa chipewa cha wosenza katundu.

Amayi anabwera ola limodzi mwambo usanayambe. Anatuluka pakhonde naiona siketiyo. Ananyowetsa kansalu n'kuyesa kupukuta, koma banga linangokula.

"Ndinagona," anatero Dasom, mawu osamveka bwino.

Amayi anamuyang'ana kamodzi. Kenako anatsegula kabati n'kutulutsa hanbok yawo, yobiriwira, imene anasoketsa miyezi itatu yapitayo ndipo anali asanavalepo. Ankaiyesa pagalasi kunyumba akaganiza kuti palibe akuwaona. Anaipinda bwinobwino n'kuiika m'thumba la amayi aakulu.

"Amayi, mukutani?"

"Chovala chimenechi n'chotakasuka, chimakwana aliyense. Kwera nacho."

"Koma ndi yawo yawonongeka! Avale yawoyo!"

"Mpongozi wamkulu agwade poyamba atavala zimenezi? Agogo ako aone chiyani? Kwera, nthawi yatha."

Dasom anakwera chikepe chopita ku nsanjika za pamwamba atakumbatira thumbalo. Amayi aakulu anali chigonere, nkhope itatuwa ndi nseru, beseni lili pambali. Atamva nkhaniyo anadzuka ngati achira. Anagwira silika wobiriwirayo ndi zala ziwiri.

"Ndi wopyapyala, koma ndipirira. Ndinadziwa ine, ukapereka kanthu kabwino kunsi kuja kamawonongeka."

Mwambo unachitikira m'kachipinda kodyera ka pa nsanjika yachisanu ndi chitatu. Agogo anakhala kuseri kwa tebulo lodzaza zipatso ndi makeke a mpunga, kamakina kothandiza kumva kali kukhutu. Bambo aakulu ndi amayi aakulu anagwada poyamba, chipumi mpaka pansi. Azakhali awiri anawomba m'manja.

"Mtundu umenewo wakukhalani, mlamu! Mwaoneka ngati mtsikana!"

Kenako anabwera bambo ndi amayi. Siketi yofiirira inayala pansi pamene amayi ankagwada, ndipo mizere yonse ya mchere inaonekera poyera. Tae-o anabisa pakamwa ndi foni.

"Amake Dasom abwera chosambira," anatero amayi aakulu mokoma. "Musawaseke, chikepe chawo chimayambira m'madzi."

Anthu anaseka. Bambo nawonso anaseka, ali chogwada pambali pa mkazi wawo. Amayi anathira mowa m'kapu ya agogo ndi manja awiri, osataya ngakhale dontho.

Itafika nthawi ya zidzukulu, Tae-o anagwada nanena mawu ofunira agogo moyo wautali, amene analoweza m'chikepe. Dasom anagwada pambuyo pake. Anadzuka, koma mawu amene anakonzekera sanabwere.

"Agogo, siketi avala amayiyi ndi ya amayi aakulu. Ndaiwononga ndine. Dala."

Agogo anapendeketsa mutu. "Akuti chiyani mwanayu? Yankhula ngati wadya!"

Kunalibe kothawira. Dasom, amene ngakhale m'kalasi sankakweza dzanja, anabwereza mokuwa mpaka woperekera zakudya anaima ndi mbale m'manja.

"Siketi yothimbirirayo ndi ya amayi aakulu! Yobiriwirayo ndi ya amayi anga! Ndinaisiya dala pa mafunde!"

Dasom anadikira. Ankaganiza kuti wina aimirira, kuti zovala zibwezedwa kwa eni ake, kuti mwina bambo ake atsegula pakamwa.

Agogo anayang'ana mpongozi wamkulu, nayang'ana wamng'ono, kenako anayang'ana kapu yawo.

"Mowa watha umu," anatero.

Bambo aakulu anathamangira botolo. Wojambula zithunzi anaitana onse kuti aime pamodzi. Amayi aakulu anakonza riboni ya pachifuwa pa chovala chobiriwira, naima pakati, pafupi ndi agogo. Podutsa anagwira amayi paphewa.

"Mwana mwalera bwino, mng'ono wanga. Osayankhula chaka chonse, tsiku loyankhula n'kutichititsa manyazi pamaso pa alendo."

"Pepani, akulu," anatero amayi, akuwerama. "Ndalakwa ndine."

Pa chithunzicho amayi anaima kumapeto, theka la siketi litabisika kuseri kwa mpando.

Madzulo dzuwa lisanalowe Dasom ndi amayi anatsikira ku chipinda chawo awiriwiri. Bambo anatsala kumwamba akuthirira akulu awo mowa. Ogwira ntchito anali atatseka khonde ndi chitseko chachitsulo chifukwa cha mafunde, ndipo m'chipindamo munali mdima ngati m'kabati. Amayi anayatsa nyale, navula siketi ija, naiyala pabedi.

"Magalasi ako akhala ndi mchere kuyambira dzana," anatero osamuyang'ana. "Khonde lija suchokapo, ndinadziwa kuti sunagone."

"Ndimafuna iwo amve kuwawa, amayi. Kamodzi kokha."

"Ndikudziwa. Koma ukamenya amayi ako aakulu, amene amamva kuwawa ndine. Zaka makumi awiri zakhala choncho."

Anapinda siketiyo katatu, mizere yoyera ili mkati, naipereka kwa Dasom.

"Tikafika ku Busan upite nayo wekha kwa ochapa. Ikayera ukaipereke wekha kunyumba kwawo, ndi manja awiri."

"Nanga yanu yobiriwira?"

Amayi anatsegula kabati n'kukolekamo hang'ala yopanda kanthu.

"Akuti yawakhala," anatero.