Fungo la Usipa M'chipinda cha Tamando

Fungolo linayamba sabata yachiwiri ya Juni, m'chipinda chogona mwana. Silinali lamphamvu ayi. Linkabwera ngati la usipa wokhalitsa m'thumba, kenako n'kuzimirira, moti munthu ankakayika ngati walimvadi.

Nyumbayo inali ya a Clifton Chimwaza ku Area 43. Iwo ankagwira ntchito ku Capital Hill, ndipo akazi awo, a Rachel, ankagwira ku City Centre. Masana mwana wawo Tamando, wa miyezi isanu ndi iwiri, ankatsala ndi a Evelina, mayi wantchito amene ankabwera wapansi kuchokera ku Kauma m'mawa uliwonse.

"Anti, tanenani zoona," anatero a Rachel tsiku lina atangofika kuchokera kuntchito. "Usipa wanu mumasunga kuti?"

"Usipa uti, madamu?"

"Mphuno ndili nayotu ine. Chipinda cha mwana chikununkha ngati kumabenchi a nsomba mumsika wa ku Old Town."

"Ine ndiwo zanga ndimadyera kukhitchini. M'chipindamo sindilowa ndi chakudya."

"Ndiye tinene kuti Tamando ndi amene wayamba kukazinga usipa?"

Mawa lake a Evelina anachapa makatani, anayanika matiresi padzuwa, anakolopa mpaka pansi pa kabati. Anafunafuna khoswe wakufa, osamupeza. Madzulo fungo linabweranso, ndipo a Rachel anawayang'ana ndi diso lija limene munthu wamkulu saliiwala msanga.

Panalibe amene anakumbukira zimene zinachitika m'chipindamo mwezi wa Meyi. Kale munali soketi imodzi yokha. Nyengo yozizira itayandikira, a Clifton anagula hita, ndipo panafunikanso polumikiza ayironi yositira matewera ndi ketulo ya madzi a mabotolo a mwana. Anaitana a Jobu, bambo amene ankagwira chilichonse mumsewuwo: kupenta, kukonza mipope, kuika maloko. Sanali munthu woipa. Za magetsi anaziphunzira poonerera ena, ndipo zimene anaonazo ankazikhulupirira ndi mtima wonse.

A Jobu anatenga waya woonda wotsala pa ntchito ya mababu, anaulumikiza kumbuyo kwa soketi yakale pongoupota ndi zala, n'kukulunga tepi. Kuchokera pamenepo anaika masoketi atatu, ina kudyera mwa inzake ngati mkanda. Yoyamba pa atatuwo inakhala kumutu kwa kabedi ka Tamando.

Patangopita masiku awiri, buleka, kaswichi kodzizimitsa kokha ka m'bokosi la magetsi, inayamba kugwa. Akayatsa hita ndi ayironi, thi! Chipinda chonse zii. A Clifton anaitananso a Jobu.

"Buleka yanuyi ndi yamantha, bwana," anatero a Jobu akuseka. "Ikangomva kuti ayironi yabwera, yathawa. Tiikepo yolimba mtima."

Anaikapo yaikulu. Kuyambira tsiku limenelo sinagwenso, ndipo a Clifton anawayamikira kwambiri, mpaka anapereka nambala ya a Jobu kwa anzawo.

Lachisanu lina m'mawa, a Evelina anakumana panjira ndi a Bwanali, mnansi wawo wa ku Kauma, mmisiri wa magetsi wokhala ndi chiphaso. A Bwanali ankapita kunyumba ina yomangidwa kumene ku Area 43 komweko, chikwama cha zida chili paphewa.

"Achemwali, nkhope imeneyi bwanji m'mawa uno?"

"Ndasanduka wobisa usipa ine, achimwene. Pa msinkhu wangawu."

Anawafotokozera zonse. A Bwanali anayamba ndi kuseka, koma kusekako kunatha a Evelina atanena kuti fungolo limakula akamasita hita ili yoyatsa.

"Ndipo khoma la kumutu kwa mwana limafunda," anawonjezera a Evelina. "Ndinkayesa ndi dzuwa."

"Khoma limenelo dzuwa limafikapo?"

A Evelina anaima. "Ayi. Kuseri kwake ndi kubafa."

"Mwana ali kuti panopa?"

"Ali m'tulo. Nthawi ngati ino madamu amakhala atamuyatsira hita, ketulo ilinso pamoto."

"Tiyeni. Musayende, thamangani."

Anapeza a Clifton akutulutsa galimoto pageti. Atamva nkhaniyo anakwinya nkhope.

"Bambo, amene anagwira ntchitoyo alipo, ndipo magetsi sakuvuta. Mwezi wathunthu buleka sinagwepo."

"Zimenezo ndiye zikundiopsa, bwana. Mundipatse mphindi zisanu. Mukapeza kuti ndanama, mundipitikitse."

M'chipindamo fungo linali lamphamvu kuposa masiku onse. Hita inali yofiira, ketulo ikuwira, Tamando ali m'tulo mkati mwa neti ya udzudzu. Onse atakhala chete anamva kaphokoso kakang'ono kochokera kukhoma, ngati chiswe chikudya thabwa.

"Mayi, nyamulani mwana, mutuluke naye," anatero a Bwanali kwa a Rachel osakweza mawu.

A Rachel ananyamula Tamando n'kutuluka naye. A Bwanali anapita kukazimitsa swichi yaikulu ya nyumba yonse, anabwerera, n'kuyeza soketi iliyonse ndi chida chawo kuti atsimikize kuti mulibe moto. Kenako anakankha kabedi kaja. Pakhoma panali banga lofiirira lalikulu ngati chikhatho. Atamasula soketiyo, pulasitiki ya kumbuyo kwake inathothoka ngati khala. Waya unali wakuda, chikopa chake chitasungunuka. Anatsegulanso soketi yakale: tepi ya a Jobu inali itasanduka phula.

"Usipa wanu ndi umenewu," anatero a Bwanali. "Pulasitiki ya masoketi ikamapsa pang'onopang'ono, nthawi zambiri imanunkha ngati nsomba. Anthu ambiri amakolopa, amafuna khoswe, amakalipira wantchito, moto uli kuseri kwa khoma ukudikira."

"Koma buleka ija..." anayamba a Clifton.

"Imagwa?"

"Inkagwa. Anati ndi yamantha, ndiye tinaikapo yaikulu."

A Bwanali anapukusa mutu. "Bwana, mlonda akamakuwa kuti kwabwera akuba, kodi mumamuchotsa n'kulemba wina wosamva? Buleka imagwa pofuna kuteteza waya. Inkakuuzani kuti pali polakwika. Inu munaitseka pakamwa, wayayo n'kumapsa yekha."

A Clifton anakhala pansi m'mphepete mwa kabedi kopanda mwanako. "Ndiye kuwonjezera soketi n'kulakwa?"

"Ayi, timawonjezera tsiku lililonse. Koma choyamba timafunsa kuti mudzalumikizapo chiyani, n'kuona ngati mzere wa magetsiwo ungakwanitse. Waya wa mababu ndi wa mababu. Masoketi ali ndi wawo wonenepa, wokhala ndi ethi, waya wotayira moto pansi zikavuta. Polumikiza timamanga ndi sikuluwu m'kabokosi kotsekedwa, osati kupota ndi zala. Masoketi sitimangowapachika ina pa inzake ngati ana ogwirana malaya. Akachuluka, kapena zida zikakhala zodya moto ngati hita ndi ketulo, timakoka mzere watsopano kuchokera kubokosi, ndi buleka yolingana ndi wayayo. Tikamaliza timayeza tisanayatse."

A Rachel anali atabwerera, ataima pakhomo, Tamando ali pachifuwa. Maso awo sanali pa waya. Anali pa neti. Ngodya yake imene inkalendewera kumutu kwa kabedi inali itakwinyika ndi kuuma, yachikasu ngati tsamba la fodya. Anaigwira ndi zala ziwiri, ndipo inanyenyeka.

"Pakanapita masiku angati moto usanabuke?" anafunsa.

"Sindine mlosi, mayi. Mwina sabata. Mwina lero anti akusita."

A Rachel anatembenukira kwa a Evelina. "Anti, ndinakulakwirani."

"Zatha, madamu," anayankha a Evelina, akutambasula manja kuti alandire mwana. "Bola mphuno yanuyo sinaname. Inangolakwitsa mwini wake wa usipa."

Palibe amene anaseka kwambiri. A Clifton anatuluka panja, kiyi wa galimoto ali m'manja, koma m'galimotomo sanalowe. Anali atakumbukira kuti nambala ya a Jobu anaipereka kunyumba zitatu mumsewu womwewo, ndipo m'nyumba ziwiri mwa izo munali ana. Anayenda wapansi mpaka pageti loyandikana ndi lawo, n'kugogoda mwamphamvu. Mwini nyumba atatuluka, a Clifton sanapereke n'komwe moni.

"Aneba, mundiyankhe bwinobwino. M'nyumba mwanu simukumveka fungo la nsomba?"

Mnzawoyo anawayang'ana modabwa. "Mwadziwa bwanji?"

Phunziro: Buleka ikamagwa si yamantha, ikukuchenjezani, musaisinthe ndi yaikulu musanadziwe chimene chikuigwetsa. Mukafuna kuwonjezera soketi, itanani mmisiri wa magetsi wokhala ndi chiphaso. Ndipo mukamva fungo la nsomba pamalo popanda nsomba, kapena soketi ikamafunda, tulutsani ana, zimitsani swichi yaikulu, mlandu wa usipa muuzenge pambuyo.