Kulira kwa Millicent

Ipyana anaumva msoti uja atangotsika basi. Mawu ake ankadumpha madenga a nyumba zogundana za mumsewu wawo ku Bolton, mawu osasa, aatali, ngati munthu akukoka mpando wachitsulo pasimenti. Anayamba kuthamanga, yunifolomu ya kuntchito ikadali m'thupi.

Kukhitchini anapeza a Constance, mayi amene ankakhala nawo nyumba imodzi, atamanga chitenje pamwamba pa thalauzi. Ketulo inali ikuwira. Pasinki panali beseni ndi mpeni.

"Anti, mpeniwu ndi wa chiyani?"

"Usafunse ngati mlendo. Makutu uli nawo."

Misoti inalipo itatu kukhola la kuseri, ndipo siinali yawo. Mwini wake anali a Ralph, nkhalamba ya kunyumba yosamalira okalamba kumene Ipyana ndi a Constance ankagwira ntchito. A Ralph atagwa pamasitepe n'kuwabweretsa kumeneko, analira ngati mwana, osati chifukwa cha chiuno chothyoka, koma chifukwa cha anapiye amene anawasiya. Ipyana anawagwira dzanja n'kulonjeza kuti awalera. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse akamawameta ndevu, funso linali limodzi: "Atsikana anga ali bwanji? Diana? Shirley? Nanga Millicent wayamba kulalata?" Iwowo ndi amene anamuchenjeza kuti msoti ukatsala pang'ono kuyamba kuikira, nkhope imafiira, mtima sukhala m'malo, ndipo pakamwa sipatseka. Woyamba adzakhala Millicent, wofiira uja, anatero.

Ndipo Millicent anali atayambadi.

"Daphne wa khomo loyandikana nafeli waimbira foni a Rowland," anatero a Constance. "Akuti tikuweta tambala. Akubwera masana ano."

A Rowland anali mwini nyumbayo, mwininso wa malo antchito aja. Dzina lawo ndi limene linali pamapepala a viza a onse awiri. Nkhuku analola monyinyirika, koma ananeneratu kuti za tambala asadzamve.

"Si tambala! Ndiwaonetsa. Akufuna kuikira basi."

"Ngati si tambala ndiye zaipa kuposa apo. Thadzi kusolola khosi n'kumalira choncho? Kwathu nkhuku yotere siigonera. Ndi malodza amenewo."

"Kwanu kuti, anti? Ku Chitawira munkaweta nkhuku inu? Si munkangogula pamsika yomangamanga miyendo?"

"Ndipo iwe waweta liti? Nzeru za pafoni ndi za mzungu woiwalaiwala." A Constance anatsitsa mawu. "Mwana wanga Enock ali m'chipatala ku Zomba. Ine ndili kuno, sindingamugwire ngakhale pachipumi. Ndiye ndizidzuka chinthu chikundilirira maliro pazenera?"

"Malungo a Enock abwera ndi udzudzu, osati nkhuku ya ku Bolton!"

Mawuwo atangotuluka, Ipyana anafuna atawameza. A Constance anamuyang'ana osaphethira. Kuseri Millicent anayambanso, kutetera kosatetera, kulira kosalira, n'kumakweza, kumakwezabe.

Kenako chitseko cha kumaso chinagogodedwa.

Ipyana anatola mpeni uja n'kuuponya m'chikwama chake. "Musamukhudze, anti. Chonde. Ndinalonjeza munthu." Anatuluka chikwama chili kukhwapa, mtima uli m'malo pang'ono, osakumbukira kuti m'dirowa munali mipeni ina.

Pakhomo panaima a Rowland, makiyi a galimoto ali m'manja, ndipo kumbuyo kwawo kunali Daphne, mayi wowonda wa tsitsi la imvi, atapinda manja pachifuwa.

"Ipyana, tinagwirizana chiyani?" anafunsa a Rowland m'Chingerezi chawo chofatsa chija, chimene chinkamuopsa kuposa kukalipa.

"Tinagwirizana kuti tambala ayi. Ndipo kuno kulibe tambala."

"Nanga chikulirachi n'chiyani? Wailesi?" anatero Daphne. "Mwamuna wanga ndi wodwala, tulo amatipeza kukamacha. Chinthuchi chikangoyamba, basi kwatha. Ndikadandaula kukhonsolo ine."

"Ndi msoti, mayi. Ukufuna kuikira dzira loyamba. Ukaikira phokoso lichepa. Tipatseni masiku ochepa chabe."

"Ndakhala mumsewu uno musanabadwe inu. Tambala ndimamudziwa."

Ipyana anatembenukira kwa Daphne. "Galu wa patsidyapo amauwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Munaimbirapo ndani foni? Njinga yamoto ya mwana wa pakona ija imagwedeza mawindo, munapita kukhonsolo? Koma ikakhala nkhuku ya ife, ndiye mwapeza mlandu!"

"Ipyana." A Rowland anakweza chala chimodzi. "Ganiza bwino. Nyumbayi ndingaike anthu ena mawa. Sindikufuna mavuto ndi oyandikana nawo."

Ipyana analuma mlomo. Anadziwa kuti mawu amodzi owonjezera angamutayitse denga, ntchito, ndi zonse zimene zinapachikika pantchitoyo. Anapuma mozama.

"Pepani, bwana. Lowani mukaone nokha. Alibe nthenga zazitali zakumchira, alibe chilichonse cha tambala. Mukamuyandikira amanyonyomala pansi, ndiko kuti wakonzeka. A Ralph ndi amene anandiphunzitsa. Lowani, chonde."

A Rowland anayang'ana wotchi, n'kuponda pakhomo.

Pomwepo kulira kuja kunaduka. Sikunathe monga kunkathera masiku onse, kutsika pang'onopang'ono mpaka kung'ung'udza. Kunaduka pakati.

Ipyana anataya chikwama n'kuthamanga. Anadutsa pakhitchini, dirowa ili yotsegula.

Kuseri, pafupi ndi mabini a zinyalala, a Constance anali atawerama, phazi lina litaponda mapiko, lina miyendo, monga amachitira aliyense kumudzi. Ntchito inali itatha. Magazi ankatsata mzere wa simenti kulowera kungalande. Diana ndi Shirley anali atapanikizana pakona ya khola, zii.

Kumbuyo kwa Ipyana, Daphne anakuwa n'kugwira pakamwa. A Rowland anatchula dzina la Mulungu.

A Constance anaweramuka, n'kupukuta mpeni pachitenje. "Vuto latha, bwana," anatero mwaulemu, maso ali pansi. "Simumvanso phokoso."

Ipyana anawalambalala. Anagwada pasimenti yonyowa n'kumunyamula Millicent. Anali wofunda, wopepuka kuposa mmene ankaonekera, mwendo umodzi ukugwedezekabe. Dzanja lake litafika kumunsi kwa mimba, linakhudza kanthu kolimba, kobulungira. Anasisitanso. Kanalipo ndithu.

"Mpeni, anti."

"Iwe mwana, ukufuna..."

"Ndipatseni mpeniwo!"

Anaulandira n'kung'amba mimba pomwepo, nthenga zili momwemo, n'kupisa zala. Chimene anatulutsa chinali dzira, laling'ono, la chikamba chathunthu, lotuwira mofiirira. Likanatuluka lokha tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. M'katimo munaonekanso tina tachikasu, tating'onoting'ono, titandandalika kudikira nthawi yake.

Anaimirira, n'kupita kwa Daphne, n'kumutambasula dzanja. Analiika dziralo pachikhatho, magazi ndi zonse.

"Tambala wanu uja ndi ameneyu."

Daphne sanalitaye. Analiyang'ana, khosi likufiira. "Ine sindinanene kuti muiphe," ananong'ona. "Ndimangofuna mwamuna wanga agone."

Nthawi yomweyo Diana anatuluka pakona paja, nkhope ili psuu, n'kuzungulira khola kawiri ngati wataya chinthu. Anasolola khosi. Mawu omwe aja, osasa, aatali, anadzaza kuseri konse.

A Constance anadzidzimuka n'kugwira pamtima. Maso awo anapita pampeni umene unali pansi. Ipyana anauponda, n'kuima chotsamira chitseko cha khola, manja ali magazi okhaokha ndi nthenga zomata.

"Ameneyunso ndi malodza, anti? Mawa Shirley akayamba, nayenso? Timalize onse?" Anatembenukira kwa a Rowland. "Ngati mukutichotsa, tichotseni. Koma awiriwa sawakhudza munthu."

A Rowland anayang'ana dzira lili m'manja mwa Daphne, anayang'ana magazi pasimenti yawo, kenako anakanda m'mutu.

"Daphne?"

"Zisiyeni," anatero mayiyo, osadzutsa mutu. "Ndidzatseka zenera."

"Ziwirizi zikhale. Koma zopherana nyama pabwalo langa ndisadzazionenso. Tsukani apa." Anatuluka mofulumira ngati akuthawa fungo. Daphne anaika dzira lija pakhoma mosamala, n'kutsatira.

A Constance anakhala pansi pasitepe, n'kufunditsa nkhope m'chitenje. "Ndimaona nkhope ya Enock," anatero. "Ikalira, ndimangoona nkhope ya Enock."

Ipyana anafuna kukalipa, koma mphamvu zinali zitamuthera. Anakatenga ketulo ija, madzi amene anawiritsira kusosola, n'kuyamba kutsuka simenti.

M'mawa mwake anawapeza a Ralph atakhala kale pampando, thaulo lili pakhosi, akumwetulira.

"Atsikana anga ali bwanji? Millicent wayamba kulalata?"

Ipyana anatulutsa dzira m'thumba la yunifolomu, atalitsuka n'kulikulunga m'kansalu. Analiika m'manja mwawo.

"Ili ndi lake, agogo. Loyamba."

Nkhalambayo inaseka mpaka kutsokomola, ikulitembenuza dziralo cha kuwala kwa pazenera. "Ndinakuuza! Ndinati woyamba ndi iyeyo!"

Ipyana anaika lezala pambali. Anakoka mpando, n'kukhala pafupi, n'kuwagwira dzanja lina lija, lomwe analigwira tsiku lolonjeza.

"Agogo, ligwireni bwino. Pali china choti ndikuuzeni."