Chingwe cha a Chidendene

Mu msasa wathu wa othawa nkhondo dzina la munthu silichedwa kutha. Umafika ndi dzina la makolo ako, ikangopita miyezi ingapo anthu akupatsa lina logwirizana ndi ntchito yako kapena khalidwe lako. Ine ndinasanduka Mayi Sambani chaka chimene kunabwera kolona, chifukwa a zaumoyo anandipatsa chimkuzamawu, sopo ndi ndowa ya kampopi, n'kundiimika pachipata cha msika kuti ndizikumbutsa anthu kusamba m'manja. Sindinadandaule. Pakamwa ndinali napo kale, chimene ndinkasowa ndi chilolezo basi.

Koma inali ntchito yoyesa mtima. Umauza anthu kuti atalikirane pamene banja lonse likugona chipinda chimodzi. Umawauza kuti akhale pakhomo pamene madzi, chakudya ndi chimbudzi chomwe, zonse ndi za pamzere. Ena ankati kolona ndi matenda a anthu okwera ndege, ife oyenda pansi satidziwa. Ena masiki ankavala pachibwano ngati ndevu. Amenewo sindinkawanyengerera, ndinkawatchula pachimkuzamawu mpaka masikiyo ikwere yokha pamphuno.

Nyumba yanga ndi ya aneba anga zinkagawana khoma limodzi la zidina, ndipo silinkafika kudenga. Munthu akayetsemula uko, kuno timamva. Anebawo anali mdala wosoka nsapato ndi akazi awo. Mdalayo tinkawatchula kuti a Chidendene, chifukwa nsapato iliyonse imene wawapititsira, ngakhale yongoduka lamba, ankaitembenuza, kuiyang'ana modandaula, n'kunena kuti, "Vuto ndi chidendene."

Msasa wonse unkawadziwa awiriwa chifukwa cha chingwe. Chinali cholukidwa ndi ulusi wosokera nsapato, chakuda bii ndi thukuta, mbali ina chomangidwa padzanja la bambo, mbali ina padzanja la mayi. Popita pamzere wa chakudya, kuchipatala kapena kokapemphera, ankayenda chomangirirana. Masana pakhomo ankachimasula kuti bambo agwire ntchito, pogona n'kumanganso. Ana ankawalondola kumbuyo akufunsana kuti mbuzi ndi iti, mbusa ndi uti.

Ine sindinkaseka nawo, chifukwa mayiwo anandiuzapo nkhani yake tsiku lina tikuchapa. Pothawa kwawo anali atatu, iwo awiri ndi mwana wawo wamwamuna, mnyamata wamkulu wa ndevu zake. Panjira anaimitsidwa ndi anthu a mfuti, ndipo mwanayo anauzidwa kuti akwere galimoto, akangomufunsa mafunso pang'ono abwera. Makolowo anadikira pamsewupo mpaka anzawo a paulendo anachita kuwakoka. Mwanayo sanabwere. Tsiku lomwelo bambo analuka chingwe chija, ndipo mayi analumbira kuti wawo wotsalayu sadzakweranso galimoto ya munthu iwo akuyang'ana.

Chimene chinandidabwitsa poyamba ndi hamala. A Chidendene ankayamba kukhoma dzuwa lisanatenthe, ndipo kugogoda kwawoko ndiko kunkandiuza kuti nthawi yopita kuchipata yakwana. Sabata ina hamala ija inangoti zii. M'malo mwake wailesi yawo, imene ankaiumira mabatire ngati mchere wa m'chilala, inayamba kulira tsiku lonse mokweza. Pansi pa phokosolo ndinkamva chifuwa, chouma, chosatulutsa kanthu, chobwerezabwereza. Zomvetsa chisoni zake, wailesi yobisira chifuwayo inali kalikiliki kulengeza zizindikiro za kolona.

Masana ena ndinavala masiki yanga bwinobwino n'kuzungulira kukhomo kwawo. Mayi anali atakhala pabenchi ya amuna awo, pakhomo penipeni, nsapato za anthu zitaunjikana pambali. Ndinaima patali.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Ndaswera, kaya inu aneba."

"Abambo ali kuti? Hamala yatisowa."

"Apita kokagula misomali."

Ndinayang'ana dzanja lawo. Chingwe chinali chomanga dzuwa lili pamutu, chitadutsa pansi pa nsalu yotchinga pakhomo n'kulowa m'nyumba.

"Misomaliyo akugulitsa kuchipinda kwanu?" ndinafunsa.

Anabisa dzanjalo m'chitenje, koma anadziwa kuti madzi achita katondo. Anatsitsa mawu.

"Aneba, inu ndinu mwana wanga. Ndi chimfine chabe. Ndikuwafukiza, ndikuwapatsa madzi otentha. Musakawaitane a galimoto yoyera ya chipatala aja."

"Amayi, opita kumatenti a odwala kolona kuja amabwerako. Mayi wa tomato uja si uyo ali pamsika? Aphunzitsi aja abwerako dzana."

"Nanga mkulu wa kwaya uja?"

Mkulu wa kwayayo sanabwereko, ndipo ine bodza la ntchito sindinkalifuna. Ndinawauza kuti n'zoona, koma iye anapita mochedwa, atabisidwa m'nyumba chimodzimodzi. Ndinawakumbutsanso za ana amene amabwera kudzatenga nsapato, za anthu a pamzere wa madzi, ndi za iwo eni, amene ankapuma mpweya umodzi ndi wodwala m'kachipinda kopanda zenera.

"Ngati n'kufa, tifera limodzi," anatero.

Ndinkawakonda mayi amenewa, ndipo chifukwa chowakonda ndinkafuna kuwagwedeza mapewa, koma ngakhale kuwayandikira sikunkaloledwa. Ndisanapeze mawu oyenera munthu wamkulu, nsalu ya pakhomo inagwedera, ndipo m'katimo munamveka mawu a bambo, odukaduka.

"Mayi, tazimitsani wailesiyo." Anapuma kaye. "Mpweya ukundichepera. Aitaneni anthuwo. Ulendo uno vuto si chidendene."

Mayi anayang'ana chingwe chija. Kenako analowa, wailesi inazima, ndipo potuluka anandiuza zinthu ziwiri zokha: galimoto ayi, ndipo chingwe asadule.

Nditakawaitana, amene anabwera anali a Namwino a kumatenti, mayi wamtali wosachedwa kupsa mtima, atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, maso okha ali pamtunda. Anawayeza bambo kutentha, anawapana kachipangizo pachala, n'kupukusa mutu. Anafotokoza kuti bambo apita kutenti ya odwala, ndipo mayi, poti akhala nawo pafupi, akayezedwa n'kukakhala kutenti ina ya odikira, kuseri kwa mpanda wa waya.

"Ndiye tamasulani ichi," anatero a Namwino akuloza chingwe.

"Matenti awiriwo atalikirana bwanji?" anafunsa mayi.

"Pafupi. Mwala mutha kuponya."

Mayi anawerama, anatsegula bokosi la zida za amuna awo, n'kutulutsa mpukutu wonse wa ulusi wa nsapato.

"Amayi, kumene mukupitako n'kuchipatala, si kodyetsera mbuzi," anatero a Namwino.

Ndinawapempha a Namwino kuti tipite pambali, ndipo ndinawauza za mnyamata wa ndevu uja ndi galimoto imene inamutenga. Nkhope yawo sindinkaiona, choncho sindikudziwa kuti nkhaniyo inawalowa bwanji. Anangoima, manja ali m'chiuno. Kenako anakauza dalaivala wa galimoto yoyera imene anabwera nayo kuti abwerere yekha, anaitanitsa machira, n'kutenga chingwe chija ndi mpukutu womwe kuziviika m'ndowa ya mankhwala ophera tizilombo.

"Mverani bwino, amayi," anatero. "Masiki isachoke pamphuno. Mukagwira chingwechi, musambe m'manja ndi sopo, nthawi iliyonse. Ndikakuonani kamodzi kokha mwaiwala, ndidula ndi sizasi yanga."

Umo ndi mmene a Chidendene anapitira kumatenti, pamachira, akazi awo akutsatira patali, ulusi uli pakati. Anthu anatuluka m'nyumba kudzaonerera, ndipo tsiku limenelo palibe mwana amene anafunsa za mbuzi.

Bambo anawapezadi ndi kolona. Anawapatsa bedi la pazenera, ndipo ulusi unatulukira pazenerapo, kukwera pamwamba pa mpanda wa waya kuti ogwira ntchito azidutsa pansi, n'kukalowa kutenti ya odikira. Mayi sanawapeze nako kachilombo, koma anayenera kukhala kaye komweko masiku amene a chipatala ananena. Ine ndikaweruka kuchipata ndinkawapititsira zovala zochapa n'kuima kunja kwa mpanda. Ndinkawaona akukoka ulusi uja pang'ono, n'kudikira. Ukagwedera, ankadzuka kupita pandowa kukasamba m'manja, a Namwino asanatulutse sizasi.

Nkhaniyo inawanda mu msasa. Mabanja ena amene ankabisa odwala anayamba kuwabweretsa, ndipo aliyense ankabwera ndi kachingwe kake. A Namwino ankadandaula kuti ndawasandutsira chipatala kukhala poyanikira zovala, koma sindinamve kuti adulapo cha munthu.

Masiku a mayi odikira atatha, anawayezanso n'kuwauza kuti apite kunyumba. Anakana. Anakatenga benchi ya amuna awo n'kuiika kunja kwa mpanda, pansi pa mtengo, moyang'anana ndi zenera lija, ndipo ulusi anausamutsira pomwepo. Ine ndinawaikira ndowa ndi sopo pambali.

Nthawi yomweyo n'kuti bambo zinthu zitawavuta. A Namwino anandiuza pambali kuti awaika pa mpweya wa m'botolo, sakuyankhula, ndipo ngakhale dzanja sakulinyamula. Anandipempha kuti ndisawauze kaye mayi. Ndinapita pamtengo paja n'kukhala pamwala, kutali pang'ono ndi benchi.

Mayi anakoka ulusi. Patapita kanthawi ulusiwo unagwedezeka mwamphamvu, mpaka tsamba linagwa pamene unakhudza nthambi.

"Mwaona, amayi," ndinatero mopepukidwa. "Mphamvu zilipo."

"Si iwo amenewo."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Bambo anu amakoka ngati akuyesa msoko, pang'onopang'ono, n'kusiya, n'kubwerezanso. Uyu akukoka ngati akutunga pachitsime. Wayamba dzana."

Ndinachita mantha. Ndinkadziwa kuti mayi amenewa akhoza kung'amba waya ndi manja n'kulowa m'tenti ya odwala, ndipo palibe chimkuzamawu chimene chikanawabweza.

"Ndikawafunse a Namwino?" ndinatero.

"Asiyeni." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, pamwamba pa masiki. "Amene akukokayo ali pambali pa bedi lawo. Ndiye kuti bambo anu akadali pomwepo, ndipo sali okha. Mwana wanga uja panalibe wondikokera."

Anadzuka, anakasamba m'manja, n'kubwerera pabenchi. Tsiku limenelo ndinalira, ine Mayi Sambani, ndipo masiki yanga inanyowa mpaka ndinachita kusintha.

Zinapitirira choncho masiku angapo. Mayi akakoka, wotunga pachitsime uja ankayankha, nthawi zina msanga, nthawi zina mochedwa ngati manja ali ndi wodwala wina. A Namwino akamadutsa pampanda, iwo ndi mayi ankapatsana moni wamba, za kutentha kwa dzuwa ndi fumbi. Palibe amene anatchulapo za ulusi. Nsapato za anthu zinali zikadali zounjikana kunyumba, ndipo eni ake, amene masiku onse ankalongolola zikachedwa, palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzazilonjerera.

M'mawa wina ndinadzera pamtengo paja ndisanapite kuchipata, chimkuzamawu chili m'khwapa. Mayi anali atafika kale. Anandilonjera, anakonza masiki yawo, n'kukoka ulusi. Sunayankhe. Anadikira, anakokanso. Mbalame inatera pa waya n'kuulukanso. Ndinayang'ana pazenera paja koma nsalu yake inali yotseka, ndipo panalibe woyenda. Ndinayamba kukonza mumtima mawu amene munthu amanena pa nthawi yotere, ndipo onse ankaoneka opanda pake.

Kenako ulusi unanjenjemera. Unakokeka pang'ono, kochepa kwambiri moti ndikanaphethira sindikanaona. Unasiya. Patapita kanthawi unakokekanso, pang'onopang'ono.

Mayi sanafuule. Anatseka maso, anagwira ulusiwo ndi manja awiri, n'kuuyankha mofatsa.

"Aulesi aja adzuka," anatero.

Kenako anaimirira, anapita pandowa, anatsegula kampopi ndi chigongono monga ndinkaphunzitsira anthu pamsika, n'kuyamba kupaka sopo chala chimodzichimodzi.

"Aneba," anatero osacheuka, "mukamapita kuchipata muwauze eni nsapato zija kuti asataye mtima. Mwini hamala akubwera."