Tsiku Limene Atcheya Anachoka pa Benchi

Timu ya Atcheya inali kunsonga kwa ligi, koma nsonga yake ya kumunsi. Masewero otsala anali ochepa, ndipo aliyense ankadziwa kuti ikapitiriza kugonja ituluka mu ligi. Kochi nayenso anali atangosiya ntchito, monga anachitira anzake onse am'mbuyo. Anangosiya wezulo patebulo n'kunena kuti akupita kukaona odwala, osabweranso.

Atcheya ankaikonda timuyo kuposa sitolo yawo ya zitsulo. Anaiyambitsa okha, yunifolomu ankagula okha, ndipo pa masewero alionse ankakhala pa benchi pambali pa kochi, n'kumamuuza woti alowe ndi woti atuluke. Mwana wawo wamwamuna ankasewera kutsogolo. Iyeyu sankatuluka m'bwalo, kaya wathamanga kaya wangoyenda ngati akupita kumsika.

Komiti inakumana m'chipinda chosinthira zovala, momwe fungo la masokosi linkachita kulasa m'maso. Alamu awo a Atcheya, omwe anali ndi butchala, ndiwo anayamba kuyankhula.

"Alamu, musavutike. Tengani Chiphaliwali. Munthu uja pa nthawi yake ankang'amba ukonde! Komanso ndi waulemu, mukanena chinthu sakutsutsani."

Atcheya anagwedeza mutu mokondwa. Koma anesi, mayi amene ankathandiza osewera akavulala, anatsokomola pang'ono.

"Atcheya, mundikhululukire. Kuchipatala, wodwala akamasintha madokotala koma osachira, timayamba tafunsa ngati amamwadi mankhwala amene akupatsidwa. Makochi onse achoka aja, alipo amene munamulola kusankha yekha osewera?"

Atcheya anamva kutentha m'makutu, koma poti mayiwa ndi omwe ankawayezanso kuthamanga kwa magazi, sanafune kukangana nawo. Anagwirizana kuti Chiphaliwali ndi munthu winanso, mphunzitsi wa zamasewero wa ku sekondale, aliyense apatsidwe tsiku lake lophunzitsa anyamatawo komiti ikuonerera.

Chiphaliwali anabwera atavala magalasi akuda, mimba ili patsogolo. Anaimika anyamata pamzere n'kuyamba kuwaonetsa mmene ankamenyera mpira kale. Anamenya, anamenyanso, goloboyi mpaka manja kuwawa, ena onse ali chiimire kuwothera dzuwa. Atcheya akakuwa kuti, "Athamange amenewo!" iye ankayankha kuti, "Zoona bwana!" Akasintha n'kunena kuti, "Apume kaye!" yankho linali lomwelo. Atcheya anapita kunyumba mtima uli mbee.

Tsiku lotsatira kunabwera aphunzitsi aja, munthu wochepa thupi, wa mawu apansipansi. Anagawa anyamata m'timagulu, aliyense ndi chochita, ndipo posakhalitsa thukuta linali kamukamu. Atcheya anapirira pang'ono, kenako chizolowezi chinawapambana.

"Iwe, patsira mwana wangayo! Sukumuona?"

Aphunzitsi anaimba wezulo, masewero n'kuima. Anayenda mpaka pomwe panali Atcheya, navula chipewa.

"Bambo, timuyi ndi yanu, ndipo ndikukulemekezani. Koma atambala awiri salira m'khola limodzi. Anawa akamva mawu anu ndi anga nthawi imodzi, miyendo imasokonezeka. Mukandipatsa ntchitoyi, inu muzikhala kumtunda uko ndi masapota. Ndipo amene sabwera ku zokonzekera sadzasewera, ngakhale akhale mwana wa yani."

"Mwamva mwanowo, alamu?" ananong'ona a butchala. "Ntchito sanaiyambe n'komwe!"

Atcheya anafika kunyumba atatupa ngati finye. Anali atatsimikiza zotenga Chiphaliwali. Ali pakhonde kuvula nsapato, mwana wawo anabwera n'kukhala pansi chapafupi.

"Adadi, mutenge aphunzitsi aja."

"Iwe, wapenga? Akakuika pa benchi amene aja!"

"Andiike. Mukudziwa kuti anzanga sandipatsira mpira? Amati ndimasewera chifukwa cha inu, ndipo sakunama. Ndikalowa m'chipinda, nkhani zimatha. Ndatopa nazo, adadi. Bola ndikhale panja mpaka ndidzalowe ndi miyendo yangayanga."

Mawu amenewa anawapweteka Atcheya kuposa a anesi ndi a aphunzitsi kuphatikiza. Iwo ankayesa kuti akumukonda mwanayo, osadziwa kuti akumudanitsa ndi anzake. M'mawa mwake anaitana komiti n'kulengeza kuti ntchito yapita kwa aphunzitsi. Alamu awo anang'ung'udza, koma anesi anaomba m'manja okhaokha mpaka ena anawatsatira.

Zinthu sizinasinthe tsiku limodzi. Masewero oyamba anagonjanso, mwana wa Atcheya ali pa benchi, ndipo a butchala anayenda mseu wonse akuuza anthu kuti iwo ananeneratu. Koma masewero otsatira anapambana, enanso anafanana mphamvu. Mnyamata uja anayamba kufika ku zokonzekera anzake asanafike, mpaka aphunzitsi anamubwezera malo ake.

Pa masewero otsiriza, timu inkangofunika kusagonja basi. Atcheya anali kumtunda pakati pa masapota, anesi ali pambali pawo ngati mlonda. Nthawi itatsala pang'ono, zigoli zili zofanana, aphunzitsi anatulutsa mwana wa Atcheya n'kulowetsa wotchinga kumbuyo wamtali amene anali asanaseweretsedwepo chaka chonse.

Atcheya anadzambatuka, pakamwa pali yasa.

"Magazi, Atcheya, magazi," anatero anesi osawayang'ana n'komwe.

Anakhala pansi. Posakhalitsa adani anapeza kona. Mpira unadutsa goloboyi, ukulunjika mu ukonde, koma wamtali uja anauchotsa ndi mutu pamzere penipeni. Oyimbira ataimba wezulo yomaliza, bwalo lonse linaphulika. Timu inatsala mu ligi, ndipo woyamba kuthamanga kukamunyamula wamtaliyo anali mwana wa Atcheya, anzake akumukumbatira iyenso.

Atcheya anatsika akupukuta m'maso, akunamizira fumbi. Anawagwira chanza aphunzitsi kwa nthawi yaitali.

"Kunena zoona aphunzitsi, ndikanakhala ine, mwana wanga sindikanamutulutsa."

"Ndikudziwa, bambo," anayankha aphunzitsi akumwetulira. "N'chifukwa chake tinakukhazikani kutali."

Phunziro: Posankha mtsogoleri, musafune wongovomera zonse zimene mwanena. Sankhani wodziwa ntchito ndi wolimba mtima kukuuzani zoona, ndipo mukamupatsa udindowo, m'patseninso mpata woti augwire. Wakutsina khutu ndi mnansi.