Zala Ziwiri Pansi pa Chitsulo

Ku jimu kuja mayi telala sankakukonda. Munkanunkha thukuta ndi mphira, wailesi inkasokosera ngati eni ake ndi ogontha, ndipo makoma onse anali magalasi okhaokha, moti ukatembenuka umangokumana ndi nkhope yako yomwe. Koma amuna ake, a Jeke, akangodzuka nkhani inali ya ku jimu basi. Choncho iye ankafunditsa nsalu makina ake osokera, n'kutenga kathawulo ndi botolo la madzi, n'kumawatsata pambuyo.

Dzina la Jeke anawapatsa ndi anzawo a kugalaja ya malole, kumene ankagwira ntchito yochotsa ndi kuika matayala. Ankati jeke weniweni akasowa, itanani bamboyo. Tayala la lole, loti anyamata awiri amalimbana nalo mpaka kutukwanana, iwo ankalidzutsa okha, kuligubuduza, kulikankha ndi bondo n'kulilowetsa pamabawuti akuimba mluzu. Koma tsoka silinunkha. M'mawa wina akutsuka m'kamwa, mswachi unangogwa, mlomo n'kupotoka. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mwendo unabwerera pang'onopang'ono, mawu nawo anabwerera, koma mkono wamanzere unangoti lende, ngati mkono wa malaya oyanika pachingwe.

Miyezi yotsatirayo ndi imene mayi telala sankafuna n'kuikumbukira komwe. Bambo waphokoso uja anangoti zii. Ankakhala pampando kuyang'ana khoma, chakudya n'kumazizira pambali pawo. Tsiku lina mkazi wawo anawapeza atakhuthulira m'dzanja mapilitsi awo onse, akungowayang'ana. Anawatola limodzilimodzi n'kuwabwezera m'botolo, ndipo kuyambira pamenepo botololo linkagona m'chikwama chake.

Amene anawadzutsa pampandopo ndi bwana wa kugalaja. Anabwera kudzawazonda, anamwa tiyi wake mothamanga, ndipo ali pakhomo anati, “Achimwene, malo anu alipo. Tsiku limene mudzadzutse tayala nokha, mudzangobwera kudzavala ovolosi.” Kaya ananena kuchokera pansi pa mtima, kaya ankangofuna potulukira, adziwa ndi iye. Koma a Jeke mawuwo anawameza onse. M'mawa mwake anameta ndevu, n'kufunsa kumene kunali jimu imene adokotala oongola ziwalo ankanena ija.

Mwini jimuyo aliyense ankangomutcha Kochi. Anali bambo wamfupi, khosi lake lofanana kukula ndi ntchafu, koma wodekha polankhula. Anawayambitsa ndi zoongola thupi. Ankawamangirira lamba wa mphira pamzati kuti azikoka, ankawaimika pakhoma kuti aziyendetsa zala kukwera m'mwamba, ankawagoneka pamphasa ya mphira n'kumawatambasula phewa mpaka misozi kulengeza. A Jeke ankachita zonsezo nkhope ili ndwii.

“Izi ndi za ana a sukulu ya mkaka, Kochi,” ankatero. “Tayala salikoka ndi lamba. Ndigonekeni pabenchi apo.”

Kochi anakana kangapo, koma munthu wamkulu akakakamira umatopa naye. Anawagoneka chagada pabenchi, pansi pa ndodo yachitsulo yopanda cholemetsa chilichonse, n'kuitana mayi telala.

“Mayi, inu muziima kumutu kuno. Iwo azitsitsa chitsulochi pachifuwa n'kuchikankha m'mwamba. Manja anu akhale pansi pake, pafupi, koma osakhudza. Mugwire pokhapokha chikafuna kuwagwera. Mukamawathandiza, dziwani kuti mukuwabera.”

Mayi telala anagwedeza mutu. Zinamveka zosavuta.

A Jeke anatsitsa chitsulo chija, n'kutsinzina monga ankachitira kalekale akamanyamula cholemera. Mbali yamanja inakwera. Yamanzere inanjenjemera, inanyamuka pang'ono, n'kuima. Mitsempha inatupa m'khosi, mlomo wopotoka uja unapotokeratu, ndipo mayi telala, ataima pamwamba pawo, anaona nkhope ya pampando ija ikubwerera. Sanaganize n'komwe. Zala ziwiri zinangokhudza chitsulo kumunsi, mbali yamanzere, n'kuchinyamula pang'ono chabe, ngati mmene amakwezera nsalu kuti isakodwe pasingano. Chitsulo chinakwera mpaka pamwamba.

A Jeke anatsegula maso n'kuseka. Kuseka kwenikweni, kwa mano onse, kumene kunali kusanamvekenso m'nyumba mwawo chidwalireni. Tsiku limenelo anadya mpaka kupempha chakudya china, ndipo anamuseka mkazi wawo kuti ankanjenjemera kuposa wonyamula. Mayi telala anadziuza kuti n'kamodzi kokha, mawa achita okha.

Mawa lakelo linafika, mkono unaima pomwe paja, zala nazo zinapita pomwe paja. A Jeke sankaona kanthu chifukwa ankatsinzina, ndipo Kochi ankakhala ali uko, akukalipira anyamata oponya zitsulo pansi. Masabata anapita. A Jeke anayamba kupempha kuti kumapeto kwa ndodo kuja aziikako timbale tachitsulo, kenako mbale zokulirapo. Zala ziwiri zinasanduka zinayi, zinayi zinasanduka chikhatho chonse. Anyamata a mu jimu anayamba kuwadziwa. Akalowa ankakuwa, “A Jeke afika! Chotsani zitsulo zanu za masewerazo!” Ndipo iwo ankayenda chifuwa chili patsogolo, mwendo ukukokeka pang'ono pambuyo.

Kunyumba zinthu zinali zina. Mabatani a malaya ankawamanga ndi mayi telala. Kapu ikakhala kudzanja lamanzere, tiyi ankathera pathalauza. Koma a Jeke ankangoti, “Tizing'onoting'onoti tibwera pambuyo, mayi. Chachikulu mphamvu yabwerera. Si mumaona nokha?” Iye ankavomera. Phewa linkamuwawa mpaka kulephera kudula nsalu mowongoka, ndipo tsiku lina anapeza kuti bulauzi yake yayamba kumuthina kumkono. Anaisomola msoko n'kuikuza yekha, chitseko atatseka, akulira ngati wamva uthenga wa maliro.

Kochi sanali wakhungu. Tsiku lina a Jeke ali pamphasa kuongola msana, anamukokera mayi telala pafupi ndi njinga zopalasa pamalo amodzi.

“Mayi, tandiuzani. Amene akukula mkono muno ndi ndani, inu kapena bambo?”

Mayi telala anayang'ana pansi.

“Ndakuonani pagalasi. Poyamba ndinkati mwina ndi tsiku limodzi. Chifundo chinaphetsa msemamitondo, mayi.”

“Inu simunawaone ali pampando paja,” anayankha motsitsa mawu. “Simunawaone atagwira mapilitsi m'manja. Munthuyu akudya chifukwa cha chitsulo chimenechi. Akugona tulo chifukwa cha chitsulo chimenechi. Mukufuna ndiwalande?”

“Ine sindikufuna kuwalanda kanthu. Koma tayala la lole lilibe mkazi woima kumutu. Likapendekera kumanzere liwagwera, ndipo simudzatolapo munthu. Mukalephera inu, ndiwauza ndine.”

“Ayi, chonde. Zikachokera kwa inu adzafa ndi manyazi. Ndiwauza ndekha.”

“Nanga mkonowo,” anafunsa mayi telala, “sungabwerere ndithu?”

Kochi anapukuta chishalo cha njinga chimene chinali choyera kale. “Kugwira kapu, mwina. Kumanga batani, mwina, akalimbikira malamba amene amawanyozawo. Koma za matayala, mayi, ine sindingakunamizeni.”

Kulonjeza n'kosavuta. Mayi telala anayenda ndi mawuwo m'kamwa masiku angapo. Ankati ndinena tikatha kudya, akatha kudya ankati ndinena akapuma. Loweruka masana anawapeza pakhonde atapana jombo yawo yakuntchito pakati pa mawondo, akuipaka polishi ndi dzanja limodzi.

“Ndawaimbira abwana,” anatero osadzutsa mutu. “Lolemba ndikukadzutsa tayala pamaso pawo.”

Mayi telala anakhala pansi pafupi nawo. “Bambo, bwanji mutadikirako pang'ono? Kuthamanga si kufika.”

“Ndidikire chiyani? Ndife ndi ukalamba pakhonde pano?” Anaseka, n'kumuyang'ana ndi maso ofewa amene ankamuyang'ana nawo ali mtsikana. “Anthu ena onse akhoza kukayika, ine sindidandaula. Koma inu mwaona chilichonse ndi maso anu. Mboni yanga ndinu, mayi.”

Mayi telala anadana ndi bwana wa kugalaja chifukwa cha ulemu wake wa pakhomo, anadana ndi Kochi chifukwa chonena zoona, koma kwambiri anadana ndi dzanja lake lomwe. Anaona kuti njira zonse ziwiri zikupita kumanda. Akakhala chete, tayala liwaphwanya. Akanena, abwerera pampando paja, ndipo botolo la mapilitsi sungaliyendere nalo moyo wonse.

Madzulo a tsiku lomwelo anapita ku jimu komaliza. Munali anthu ambiri, ndipo a Jeke anauza aliyense kuti Lolemba akubwerera kuntchito. Anyamata anawagwira chanza, wina mpaka anawapempha kuti akamupezereko malo kugalajako. Anakoka lamba wa mphira mongokwaniritsa mwambo, anatambasula phewa kawiri, n'kulunjika kubenchi.

“Kochi, wonjezerani mbale. Lero n'kutsanzika.”

Kochi anayang'ana mayi telala, ndipo anadziwa kuti sananene. “Yambani ndi zadzana zomwe, bambo,” anatero, n'kuima chapafupi m'malo mopita kwa anyamata ake.

A Jeke anagona chagada, anagwira chitsulo, anapuma mwamphamvu n'kutsinzina. Mayi telala anawathandiza kuchichotsa pazokolekera, monga mwa masiku onse, n'kutsika nacho mpaka chinakhudza chifuwa. Kenako anachotsa manja ake. Anawapinda pachifuwa pake, limodzi kugwira linzake zolimba, kuopa kuti angabwerere okha.

A Jeke anakankha. Mbali yamanja inanyamuka. Yamanzere sinasunthe n'komwe. Anakankhanso, akubuula, chidendene chikukhula pansi, thukuta lili kamukamu. Chitsulo chinapendekeka, mbale yakumanzere n'kulira pomwe inatsetsereka kukagunda chotsekera. Anayesa kachitatu, ndipo mkono uja unangonjenjemera pansi pa chitsulo ngati si wawo.

Ndipamene anatsegula maso. Pamwamba pawo panali nkhope ya mkazi wawo, yozondoka, misozi ikutsikira kuchibwano. Anayang'ana nkhopeyo, anayang'ana manja opindidwa aja, anayang'ana chitsulo. Mayi telala anaona zonse zikulowa m'mutu mwawo chimodzichimodzi, ndipo anakhumba pansi patang'ambika kuti alowe.

Kochi anasendera kuti achotse chitsulo, koma a Jeke anapukusa mutu.

“Kuyambira liti?” anafunsa, mpweya ukuperewera.

“Tsiku loyamba, bambo.”

“Ngakhale chopanda mbale chija?”

“Ngakhale chimene chija.”

Wailesi inkangosokosera. Kuseri kwa Kochi anyamata anali atasiya zitsulo zawo, akusuzumira kuti aone chimene chachedwetsa mkulu wawo. Mmodzi anakuwa, “Tiyeni nazo, a Jeke! Kankhani!”

“Bwezeranipo dzanja, mayi,” ananong'ona a Jeke. “Anawa akuona.”

Mayi telala anagwira chitsulo. Anadikira kuti mbali yamanja ikwere monga kale kuti iye angothandiza kumanzere, koma sinakwere. Dzanja lamanja lija, lamphamvu lija, linali litangogwira chitsulo osakankha. Anachita kugwira ndi manja onse awiri, kuluma mano, n'kuchikoka yekha mpaka pazokolekera, manja a amuna ake akungotsatira. Anyamata anaomba m'manja ndi kuimba mluzu.

A Jeke anakhala tsonga pang'onopang'ono. Anakweza dzanja kuyankha anyamata aja, mpaka anamwetulira, ndipo kumwetulira kumeneko kunamuopsa mayi telala kuposa kulira. Anawapatsa botolo la madzi, iwo sanalandire. Anawapatsa kathawulo, sanakaone n'komwe. Kochi anayamba kunena za malamba, kuti mawa akhoza kuyambiranso bwinobwino, koma anasiyira pakati ataona kuti akulankhula yekha.

Panja kunali kutada, magalimoto akudutsa atayatsa nyali. Anayenda mpaka pamphambano, a Jeke patsogolo, mwendo ukukokeka kuposa masiku onse. Pamenepo anaima, osatembenuka.

“Abwana muwaimbire ndinu. Ine sindingathe.”

“Ndikawauze chiyani, bambo?”

“Auzeni zoona. Si mwayamba kale lero?”

Anawoloka msewu osayang'ana mbali iliyonse, ndipo mayi telala anathamanga kukawagwira mkono wamanzere, umene sunamve n'komwe kuti wagwiridwa.